Nthano za Makolo ndi Nkhani za Ngwazi Zakale: Ntchito ya Mphunzitsi wa ku Nkhotakota

Mwana wa sukulu wa ku Nkhotakota akafunsidwa mbiri ya kwawo, kawirikawiri amayambira pa Jumbe. Amadziwa kuti Salim bin Abdallah, Mswahili wamalonda, anafika pa gombe limenelo cha m'ma 1840, napempha malo kwa mafumu a Achewa, namanga zombo zoolotsera minyanga ndi akapolo kutsidya kwa nyanja. Amadziwanso kuti David Livingstone anafika komweko mu 1861 ndi mu 1863, ndipo angathe kulondolera mlendo ku mtengo wa mkuyu umene anthu amati m'tsinde mwake ndimo anakambirana ndi Jumbe. Zonsezi n'zofunika ndithu. Koma mwana yemweyo akafunsidwa kuti nanga Jumbe asanafike kunali yani, anthuwo anachokera kuti, ndipo ankati dziko linayamba bwanji, amangoti chete, maso pansi.

Chifukwa chake sichisowa. Mabuku amayambira pamene panafika anthu odziwa kulemba, ndipo wowerenga mabuku okhaokha amayesa kuti dziko linayambira pomwepo. Komatu anthu anali kutchera miono ya mpasa mu mtsinje wa Bua ndi kukoka makoka pa Chia zaka mazana ambiri Jumbe asanamange chombo chake choyamba, ndipo anthu amenewo anali nazo nkhani zofotokoza kumene anachokera, amene anawatsogolera, ndi chifukwa chake munthu amafa. Nkhanizo sanazisunge pa pepala ayi, koma m'kamwa mwa akulu ndi pa malo odziwika, monga phiri, dziwe, mwala kapena msitu wa kachisi. Mphunzitsi ayenera kuzidziwa nkhani zimenezi, kuzisiyanitsa mitundu yake, ndi kudziwa chochita nazo asanathe anthu amene akuzikumbukira.

Mitundu Itatu ya Nkhani Zakale

Mtundu woyamba ndi nthano zenizeni, zimene agogo amakamba madzulo ana atadya, makamaka nyengo ya masika pamene ntchito ya kumunda yachepa. Wokamba amati "Padangokhala," ana navomera kuti "Tili tonse," ndipo pakati pa nthano pamakhala nyimbo imene onse amaithira mang'ombe. M'menemo ndimo muli Kalulu wochenjera, Fisi wadyera, Kamba wodekha, ndi Kamdothi, mwana woumbidwa ndi dongo amene mvula inamsungunula. Palibe amene amakhulupirira kuti Kalulu anayankhuladi. Ntchito ya nthano ndiyo kukondweretsa ndi kulangiza.

Mtundu wachiwiri ndi nkhani za chiyambi, zonena za Chauta, mvula, moto ndi imfa. Izi sizinali zoseketsa ana, pakuti osunga ake anali anthu a kukachisi ndi akulu a mwambo, ndipo zinali kufotokoza chifukwa chake anthu amathira nsembe.

Mtundu wachitatu ndi mbiri ya mafumu ndi ngwazi, yonena za maulendo, nkhondo, mayina ndi malire. Osunga ake ndi mbumba ya ufumu pamodzi ndi nduna, ndipo imamveka polonga mfumu ndi pozenga milandu ya malo. Mbiri yotere ili ndi mano, pakuti mawu amodzi a m'menemo angathe kupatsa banja lina ufumu ndi kumana banja linzake. Mphunzitsi amene asakaniza mitundu itatuyi adzaseka pamene sayenera kuseka, ndipo adzakhulupirira pamene ayenera kufunsa.

Pa Kaphirintiwa

Nkhani yaikulu ya chiyambi pakati pa Achewa ndi ya Kaphirintiwa, kaphiri ka m'mapiri a Dzalanyama, kumalire a Malawi ndi Mozambique. Akulu amati poyamba dziko linali louma, lopanda chamoyo. Tsiku lina mitambo inasonkhana, mvula inagwa, ndipo kuchokera kumwamba kunatsika mwamuna ndi mkazi atanyamula khasu, mtondo ndi lichero, pamodzi ndi Chauta ndi nyama zonse. Thanthwe limene anapondapo linali lofewa, chotero mapazi awo anadindika pomwepo, ndipo litauma zizindikirozo zinatsala.

Masiku amenewo Chauta, anthu ndi nyama anali kukhalira pamodzi mwamtendere, kufikira tsiku limene munthu anapekesa timitengo tiwiri, kena kofewa kena kolimba, natulutsa moto. Tchire linayaka. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, koma njovu, mkango ndi zinzake zinathawira kuthengo zili ndi mkwiyo umene sunathe mpaka lero. Nadzikambe anakwera mumtengo naitana Chauta kuti amtsate, koma Chauta anati wakalamba, sangathe kukwera. Pamenepo kangaude anapota ulusi wake namkweza kumwamba, ndipo ali kumeneko Chauta analamula kuti munthu azifa ndi kumtsata komweko.

Wowerenga aone kuchuluka kwa zinthu zimene kankhani kameneka kasenza. Kafotokoza chifukwa chake nyama zina n'zoweta ndipo zina n'zolusa, chifukwa chake Chauta saoneka, ndi chifukwa chake kuli imfa. Kanenanso chinthu chimene mlimi aliyense amachidziwa, kuti moto wa lupsa wa m'chilimwe umatsogolera mvula ya dzinja, ndi kuti nzeru yomweyo imene imapatsa munthu mphamvu ndiyo imamdanitsa ndi zolengedwa zinzake. Pafupi ndi Kaphirintiwa panali kachisi wa ku Msinja, kumene Makewana, ndiye kuti amake a ana, anali kupempha mvula m'malo mwa dziko lonse, ndipo kumeneko kunali kusungidwa ng'oma yopatulika yotchedwa Mbiriwiri. Chotero nkhani, malo ndi mwambo zinali kugwirana monga mafuwa atatu a pamoto.

Kalonga ndi Mafumu a Kunyanja

Mbiri ya mafumu imati Aphiri anachokera ku Uluba, m'dziko limene lero ndi Congo, motsogozedwa ndi Kalonga, pamodzi ndi Nyangu, mayi wa ufumu. Pofika kuno anapeza Abanda, ndipo mafuko awiriwa anagawana ntchito: Aphiri anatenga ufumu, Abanda nasunga za mvula, ndipo mkazi wamkulu wa Kalonga, wotchedwa Mwali, anali kuchokera kwa Abanda. Akulu ena amati dzina lakuti Malawi linabadwa pamene apaulendowo anaona nyanja ili kunyezimira ngati malawi a moto, ndipo munthu wa ku Nkhotakota, amene amaona dzuwa likutuluka m'madzi m'mawa uliwonse, safunika kumfotokozera chimene anthuwo anaona. Ena amati linachokera ku moto wa ng'anjo zosungunulira chitsulo.

Kalonga anakhazikika ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, ndipo kuchokera kumeneko abale ake anamwazikana. Undi analowera kumadzulo, ndipo mdzukulu wa ufumu umenewo ndi Kalonga Gawa Undi wa ku Mkaika, ku Katete m'Zambia, kumene Achewa a maiko atatu amasonkhana ku mwambo wa Kulamba mwezi wa August. Kaphwiti ndi Lundu anatsikira ku chigwa cha Shire. Ena anatsata gombe kulowera kumpoto, ndipo pakati pa iwo mbiri imatchula Kanyenda, amene dzina lake lidakali pa ufumu m'boma la Nkhotakota kufikira lero. Mbiri ya pakamwa imanenanso kuti Mwase anali mlenje wochokera mbali ya kunyanja komweko, amene anakwera kumtunda nakapha zilombo zimene zinali kusautsa anthu a Chulu, ndipo chifukwa cha chamuna chakecho anapeza malo ku Kasungu. Apa mwana wa sukulu angaone kuti mayina amene amawamva tsiku ndi tsiku, monga Kanyenda, Malengachanzi, Mwadzama ndi Mwansambo, si mayina a madera chabe, koma ndi mitu ya nkhani zimene zili ndi eni ake.

Ngwazi Ziwiri: Mbona ndi Kachirambe

Pa ngwazi zonse za m'nkhani zakale palibe yoposa Mbona. Amati kunagwa chilala, ndipo akulu atalephera kugwetsa mvula, mnyamata Mbona anavina, mvula nigwa. Zimenezi zinabala nsanje, anamneneza za ufiti, ndipo iye anathawira kummwera adani ali pambuyo. Pamalo pamene anapumula anasiya zizindikiro pa miyala, zimene anthu a m'njiramo amalozerana. Atampeza kufupi ndi Nsanje, mikondo ndi mivi zinakanika kumlasa, kufikira iye mwini anawauza kuti chimene chingamuphe ndi katsamba kakuthwa, ena amati ka udzu, ena ka bango. Anamdula mutu, ndipo mwazi wake unasanduka mtsinje wa Ndione. Mutuwo unaikidwa m'nkhalango ya Khulubvi, mmene muli kachisi wake kufikira lero.

Ngwazi ina, ya m'nthano za ana, ndi Kachirambe, amene nkhani yake R. S. Rattray anailemba m'Chinyanja m'buku lake la 1907. Amake, atagwidwa ndi Fisi, analonjeza kumpatsa mwana amene anali m'mimba. Mwanayo anabadwa akuyankhula, nadzitcha yekha dzina, ndipo msampha uliwonse umene amake ndi Fisi anamtchera iye anauzindikira naulambalala. Ayao ali naye mnzake wotchedwa Kalikalanje.

Ngwazi ziwirizi zisonyeza chimene makolo anali kuchiyesa ukulu. Mbona sanaphe munthu pa nkhondo. Mphamvu yake inali yopatsa moyo, ndipo anagonjetsa adani ake atafa kale, pakuti amene anamupha ndiwo anamumangira kachisi. Kachirambe analibe gulu la nkhondo, koma maso ndi nzeru. Ana amene aleredwa ndi nkhani zotere amaphunzira kuti wamng'ono angathe kupulumuka pamaso pa wamphamvu.

Kodi Nkhanizi N'zoona?

Funso limeneli ana adzalifunsa ndithu, ndipo mayankho awiri achidule onse ndi olakwa. Kunena kuti zonse ndi bodza ndiko kutaya mpunga pamodzi ndi mankhusu. Kunena kuti zonse zinachitika monga zikambidwa ndiko kudya mankhusu omwe. Kwa zaka zambiri Mankhamba linali dzina la m'kamwa mwa akulu ndi la m'buku la Mbiri ya Achewa, limene Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba m'zaka za m'ma 1940 atayenda kufunsa mafumu ndi nkhalamba. Pambuyo pake katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anakumba pamalopo napeza minyanga yosemedwa, mkuwa, mikanda yagalasi ndi mapale a mbale za ku China, ndipo anazifotokoza m'buku lake la 2020. Nthaka inavomera chimene akulu anali kunena, kuti pamenepo panali mudzi waukulu wa malonda akutali.

Chimodzimodzi wansembe Matthew Schoffeleers, m'buku lake la 1992 lotchedwa River of Blood, anafanizira makambidwe osiyanasiyana a nkhani ya Mbona, nasonyeza kuti m'kati mwake muli chikumbutso cha chipwirikiti chimene chinagwa m'chigwa cha Shire cha m'ma 1600, pamene ufumu wa Lundu unali kukula ndipo Apwitikizi anali kulowa m'Zambezi. Ngakhale Napolo, chinjoka chimene amati chimatuluka m'phiri kupita kumadzi, chili ndi choona chake. Phiri la Zomba linagumukadi mu 1946, ndipo madzi ndi miyala zinasesadi midzi ku Phalombe mu 1991. Wasayansi adzanena za mvula yochuluka ndi nthaka yofewa, koma nkhaniyo inali kuchenjeza anthu kuti njira imene madzi anadzera kale adzadzeranso.

Chimene Anachita a ku Ireland

Ireland ndi chilumba cha kumadzulo kwa Britain, chimene chinalamulidwa ndi Angelezi zaka mazana ambiri, ndipo chiyankhulo chake chinatsala pang'ono kufa, makamaka itapita njala yaikulu imene inayamba mu 1845. Anthu akumeneko ali ndi nkhani zakale zofanana ndi za Achewa m'njira zambiri. Ngwazi yawo yaikulu ndi Cú Chulainn, amene ali mwana anapha galu woopsa wa wosula zitsulo wotchedwa Culann, nadzipereka kulonda mudziwo m'malo mwa galuyo. Nkhani yotchedwa Táin Bó Cúailnge imati mfumukazi Medb ya ku Connacht inasonkhanitsa nkhondo kukalanda nkhunzi ya ng'ombe ku Ulster, ndipo mnyamatayo, wa zaka 17, anatsekereza gulu lonse pa madooko a mitsinje, kulimbana ndi mmodzimmodzi. Pa imfa yake anadzimangirira ku mwala kuti afe chilili, ndipo adani sanayerekeze kumyandikira kufikira khwangwala anatera pa phewa lake. Monga zilili ndi Mbona, pafupifupi dooko lililonse ndi phiri lililonse la m'nkhanizo lili ndi dzina limene anthu amaliloza. Ndipo monga ku Mankhamba, ofukula zakale atakumba pa Navan Fort pafupi ndi Armagh, pamene nkhani zimati panali likulu la mafumu a Ulster, anapeza zotsala za chinyumba chozungulira cha mitengo, chomangidwa cha m'ma 95 Khristu asanabadwe.

Nkhanizi zinapulumuka kawiri. Koyamba anazilemba ndi amonke achikhristu pa zikopa za ana a ng'ombe, m'mabuku monga Lebor na hUidre la cha m'ma 1100 ndi Book of Leinster la cha m'ma 1160. Mlembi wa buku lachiwirilo, atatha kulemba nkhani ya nkhunzi ija, anawonjezera mawu m'Chilatini akuti iye mwini sakhulupirira zina za m'menemo. Komabe anailemba yonse, osadulako. Apa pali phunziro kwa mphunzitsi wa ku Nkhotakota, kumene mzikiti ndi tchalitchi zayandikana kuyambira pamene mishoni ya Anglican inatsegulidwa mu 1894: munthu angathe kusunga nkhani ya makolo ake mokhulupirika popanda kusiya chipembedzo chake.

Kachiwiri anazipulumutsa ndi ana a sukulu. Boma la Ireland linakhazikitsa bungwe losonkhanitsa nthano mu 1935, ndipo kuyambira 1937 mpaka 1939 ana oposa 50,000 a m'sukulu za pulayimale pafupifupi 5,000 anatumidwa kwa agogo awo ndi anansi awo kukafunsa nthano, miyambi, zirapi, mankhwala ndi matanthauzo a mayina a malo. Aphunzitsi ndiwo anayang'anira ntchitoyo, ndipo zolembazo zinakwana masamba pafupifupi 740,000, amene akusungidwa ku University College Dublin. Nkhalamba zimene zinafunsidwazo zinatha kalekale, koma mdzukulu angathe kuwerenga lero pa intaneti zimene zinanena.

Zimene Mphunzitsi Angachite

Ntchito yotere sifuna chuma chambiri. Ifuna kope, cholembera ndi ulemu. Choyamba, mphunzitsi ayambe wakaonekera kwa nyakwawa ndi kufotokoza cholinga chake, pakuti mlendo salowa m'munda wa mwini osaodira. Ana awaphunzitse kukhala pansi, kupereka moni woyenera ndi kudikira, chifukwa nkhalamba siyamba ndi nkhani yaikulu tsiku loyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chachiwiri, ayambire pa mayina a malo, pakuti ndiwo khomo lapafupi. Dzina lakuti Mawira limadzifotokoza lokha kwa amene anaona akasupe a madzi otentha aja, ndipo lakuti Nkhotakota, limene Azungu anali kulemba Kota Kota, ambiri amaligwirizanitsa ndi kukhotakhota. Koma nanga Chia, Sungu, Kaombe, Dwangwa ndi phiri la Chipata? Mwana aliyense abwere ndi dzina limodzi la dooko, dambo kapena msitu wa kwawo, ndi zimene akulu amanena za dzinalo. Asodzi nawonso afunsidwe zimene anamva za Mwera, Mpoto ndi Vuma, ndi za malo a panyanja amene makolo anali kuwaopa.

Chachitatu, nkhani ilembedwe monga yakambidwa, m'mayankhulidwe a kunyanja, osaikonza kuti ifanane ndi Chichewa cha m'buku. Ndipo ya Chitonga kapena ya Chiyao ilembedwe m'chiyankhulo chomwecho. Pansi pake palembedwe dzina la wokamba, mudzi wake, mfunda wake, tsiku, ndi amene iye anaimvako. Pamene pali lamya yojambula mawu, nyimbo za m'nthano zijambulidwe, pakuti pepala silisunga liwu.

Chachinayi, akulu awiri akasiyana pa nkhani imodzi, zonse ziwiri zilembedwe. Kusiyanako si chilema, koma ndi umboni, ndipo mphunzitsi asadziyese woweruza pa nkhani za ufumu ndi malire. Chachisanu, pali zinthu zimene eni ake sazinena poyera, monga za kudambwe ndi za kutsimba. Zimenezo zisiyidwe kwa eni ake, ndipo mwana asatumidwe kukazifunsa.

Potsiriza, zolembazo zisathere m'kabati ya mphunzitsi wamkulu kudyedwa ndi chiswe. Ziwerengedwe m'kalasi, ana azichite masewero, ndipo kope lina libwezedwe kumudzi kumene zinachokera. Steve Chimombo anatenga nkhani ya Mbona naisandutsa sewero, natenganso Napolo namuika m'ndakatulo, ndipo palibe chimene chingaletse mwana wa ku Linga kapena wa ku Dwangwa kuchita chimodzimodzi ndi nkhani za kwawo, akazidziwa.

Mtengo wa Livingstone uli ndi chikwangwani, ndipo manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895, ali m'tchalitchi cha All Saints mmene aliyense angawaone. Koma nkhani za anthu amene Jumbe anawapeza pa gombelo zilibe chikwangwani; zili m'mitu ya nkhalamba zimene chaka chilichonse zili kuchepa. Madzi akatayika saoleka. Mphunzitsi amene atuma ana makumi anayi kwa agogo awo m'chigawo chimodzi cha sukulu adzakhala atasunga nkhani makumi anayi, ndipo mwana wa m'kalasi yake akadzafunsidwa kuti Jumbe asanafike kunali yani, adzakhala nalo yankho.